Mita ikalira ku Matundo

Ku Sacramento, ku America, kampani ya magetsi inayamba mu 2008 kutumizira anthu makalata owayerekeza ndi anansi awo pa kagwiritsidwe ntchito ka magetsi. Wosamala ankamujambulira kankhope komwetulira. Manyazi anagwira ntchito ndithu, anthu anachepetsako pafupifupi 2 peresenti.

Kuno ku Tete kalata yotere n'kungowononga pepala. Tili ndi Credelec, mita ya magetsi olipiriratu. Mayunitsi akatsala pang'ono, kabokosi kaja kamalira ngati mwanapiye wosochera, ndipo ku Matundo nyumba n'zothithikana. Mayi a nyumba yachitatu adziwa kale kuti munagona fani ili chizungulire.

"Achimwene, kwanu kunalira usiku," amatero pa mpopi, mwachifundo kwambiri, mzere wonse ukumva.

Basi bambo asanduka mlonda: kuthimitsa babu la kubafa, kukalipira ana otsegula firiji, kusita malaya kutsogolo kokha poti kumbuyo kuli jekete. Koma mu Okutobala, kutentha kukapyola madigiri 40, wokhudza fani ayambe watsanzika.

Damu la Cahora Bassa lili pa Songo pompa, magetsi ake ambiri ali pa ulendo wa ku South Africa, ife tikuwerenga mayunitsi ndi tochi ya foni.