Fodya wa pachala

Makolo athu anali ndi muyezo wosavuta wodziwira chimene ndi chako. Amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Amene anaonapo ambuya akutapa fodya wopera m'kansupa akudziwa chifukwa chake. Ulendo wochokera pachala kukafika pamphuno ndi waufupi, koma panjira pali zoopsa: kamphepo, chiyetsemulo, ndiponso mnansi amene amangotulukira nthawi yomweyo atatambasula kale chikhatho.

Mwambiwu unkagwira ntchito kwambiri pa nkhani za mabanja. M'masiku a Wenela, mnyamata ankatha kufunsira mbeta lero, mawa n'kunyamuka ulendo wa ku Joni kapena ku Halale, n'kusiya lonjezo ndi kampango ka kumutu. Zaka zikapita popanda kalata, azakhali ankamuitana mtsikana uja kuseri kwa nkhokwe n'kumuuza kuti wakuJoniyo ndi fodya wa pachala, ayang'ane mnyamata wa kutsidya kwa dambo amene akuoneka ndi maso. Mwamuna wakutali ankadziwika ndi mtunda. Ankatchedwa mtchona, ndipo amayi ankamuimba pamtondo, munsi ukugunda ngati ndi mutu wake uli mmenemo.

Kuno ku Kabwe mtchona akuimbidwabe, kungoti mtondo unasanduka sipika. Kwerani minibasi yochokera m'tauni kupita ku Bwacha kapena ku Makululu, lowani mu saluni ya ku Chimanimani, imani pa kantemba ku Katondo, muimva nyimboyo. Dzina lake sinditchula, chifukwa chaka chilichonse imabwera ndi woimba wina ndi dzina lina, koma dandaulo lake ndi lomwelo. Mawu ake ndi osakaniza Chibemba, Chinyanja ndi Chingerezi monga mmene timalankhulira pamsika. Woimbayo akuti wokondedwa wake anazizira. Akamufunsa chavuta n'chiyani amati palibe. Samuyang'ananso m'maso, samusekanso nthabwala zake, ndipo uthenga amauwerenga m'mawa n'kuuyankha dzuwa litalowa ndi chilembo chimodzi. Ng'oma zake n'zovinika bwino, moti anthu amavina tsoka la mnzawo mpaka thukuta.

Chimene chikanawazunguza azakhali aja n'chakuti mtchona wa m'nyimboyi sanapite kulikonse. Ali pa sofa. Mukatambasula mwendo mumuponda. Mwa muyezo wa makolo, ameneyu ndi fodya wa pamphuno weniweni, pafupi kwambiri moti mpweya wake ukukufikani. Koma yang'anani chala chake. Chikungokwera n'kutsika pagalasi la foni, ndipo munthu yense wathera pachalapo. Fodya uja ali pamphuno ndi pachala nthawi imodzi, zimene mwambi sunakonzekere.

Mlamu wanga wina, amene anakwatiwa ndi munthu wotere, anaganiza zofufuza. Anali ndi chikhulupiriro chonse kuti mufonimo muli mkazi. Anadikira bambowo atapita kukasamba, n'kuitsegula mtima ukugunda. Anapezamo mavidiyo a amuna a ku Pakistan akukonza injini za malole, gulu la anzawo a kusukulu limene limangotumizirana mauthenga a maliro, ndi matikiti obetchera mpira amene onse anagwa ndi timu imodzi. Anandiuza kuti anakhumudwa. Mkazi mnzako umadziwa pomupeza, umatha kumanga chitenje m'chiuno n'kukamuonetsa kuti mwamunayu ali ndi mwini wake. Nanga injini ya lole ungakailalatire kuti?

Nkhaniyo inafika kwa ankhoswe, ndipo inavuta kuweruza.

"Amake mwana, kodi bambowa amakumenyani?"

"Iyayi."

"Ufa sagula? Lendi salipira?"

"Amagula, amalipira."

"Kapena amagona kunja?"

"Sikisi koloko amakhala atafika."

"Nanga mlandu wawo ndi wotani?"

"Kunyumba kulibe munthu."

Ankhoswe anatembenuka n'kuyang'ana munthu amene akuti kulibeyo. Anali pompo, atavala jekete, manja ali pamaondo. Atamufunsa ngati ali ndi mawu, anati, "Ine ndilibe vuto ndi aliyense." Ananena zoona, ndipo limenelo ndilo linali vuto.

Ena amati khalidweli labwera ndi mafoni. Ine ndikukayika, chifukwa Kabwe ali ndi mbiri yakale ya amuna osalankhula. Wotchuka kuposa onse anapezeka pa 17 June 1921 mumgodi wa mtovu, tauni ino ikutchedwa Broken Hill. Chinali chigaza cha munthu wakalekale, amene akatswiri atamuyezanso mu 2020 anati ali ndi zaka pafupifupi 300,000. Atangotuluka pansi anakwera ulendo wa ku London, ndipo mpaka lero ali ku Natural History Museum. Boma la Zambia lapempha kangapo kuti abwerere kwawo, koma zaka zoposa 100 zadutsa mkuluyu asanaponde pa siteshoni ya Kabwe. Kuno kunatsala chofanizira chake: nkhope ndi yomweyo, mphumi ndi yomweyo, koma mwini wake kulibe. Amayi ambiri a ku Chowa ndi ku Ngungu angakuuzeni kuti chofanizira chotere ali nacho pabalaza, ndipo chimadya nsima.

Pomuchitira chilungamo mkuluyu, akatswiri anapeza kuti mano ake ambiri anali obooka. Mwina ankafuna kumuuza mkazi wake zakukhosi koma dzino linkamuletsa. Zidzukulu zake za lero zilibe chowiringula chimenecho.

Si kuti amuna a ku Kabwe mawu alibe. Yemwe uja amene kunyumba amalankhula ngati mawu amagula ndi ndalama, kampezeni Loweruka masana pafupi ndi bwalo la Kabwe Warriors. Mungonena kuti Lionel Messi ndiye anagoletsa zigoli zambiri m'chaka chimodzi, 91 mu 2012. Muona munthu akudzuka. Akuuzani kuti Godfrey "Ucar" Chitalu anamwetsa zigoli 107 mu 1972 ali wosewera wa Warriors, kuti FIFA inakana kuvomereza chifukwa cha kaduka, kuti nambalayo inalembedwa pa dzina la bwalo kuti aliyense wotsutsa aziiwerenga. Misempha ya m'khosi imatuluka, maso amanyowa, amagwira mnzake paphewa n'kumutchula m'bale wanga. Chikondi chonse chimene woimba uja akuchifunafuna chili apa, chikukhuthulidwa pa zigoli zimene zinalowa iye asanabadwe. Mumufunse tsiku limene anamanga ukwati, ayamba kuwerenga zala.

Umboni wina woti foni timangoinamizira unabwera mu 2024. Chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo mafoni ankafa madzulo asanafike. Ndinaganiza kuti tsopano mabanja ayamba kucheza. M'nyumba zina zinaterodi. Koma m'nyumba zambiri anthu awiri anakhala moyang'anizana ndi mbaula pakati, malasha akuthetheka, n'kuzindikira kuti foni ija inkawabisira chete amene analipo kale. Bambo ankati, "Kwatentha." Mayi ankati, "Eee." Mawa lake bambo ankalawirira m'tauni kukagula power bank.

Apa ndiyenera kuwateteza pang'ono amunawa, ngakhale sanandipemphe ndipo sangandithokoze. Tauni ino inamangidwa ndi mgodi ndi njanji. Sitima inafika kuno mu 1906, likulu la Zambia Railways lili konkuno, ndipo mgodi unadyetsa mabanja mpaka pamene unatsekedwa mu 1994. Agogo athu aamuna, ena ochokera ku Chipata ndi ku Katete, ena ku Nyasaland, ankatuluka pansi kapena kutsika sitima ali otheratu. Chikondi chawo chinali thumba la ufa ndi nsalu ya pa Khirisimasi. Palibe ankayembekeza kuti munthu wotere afotokoze mmene mtima wake ukumvera. Ambuya akafuna kuseka, kudandaula kapena kulira ankapita kwa anzawo pampopi, kumpingo, kwa alangizi, kwa achemwali awo a nyumba yachitatu. Lero mtsikana amachoka kwa makolo n'kukakhala m'nyumba ya lendi ya mpanda wautali, ndipo zonse zimene mudzi wathunthu unkamupatsa akuzifuna kwa mnyamata mmodzi, amene bambo ake sanamuuzepo chiganizo chopitirira mawu asanu. Woimba uja akulondola kuti kukhala ndi munthu wozizira n'kowawa. Chimene nyimbo ya mphindi zitatu singakwanitse kunena n'chakuti wozizirayo anaphunzira kuzizira kunyumba yabwinobwino, ndipo amaganiza kuti akuchita bwino.

Komanso tisanamizane kuti ndi amuna okha. Alipo anyamata a pa Mulungushi University ndi pa Nkrumah amene amatumiza ndime zitatu za chikondi usiku, m'mawa n'kupeza blue tick ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Amenewa nyimbo ija amaiimba motsitsa mawu, m'bafa.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi mmene nyimboyi imayendera. Inapekedwa kuti ilase munthu, koma sinalasepo aliyense. Mkazi amaiika pa status ya WhatsApp kuti mwamuna wake aione. Amene amaiona ndi azakhali a ku Ndola, mkulu wa kwaya, ndi chibwenzi chakale chimene chimayankha msangamsanga kuti, "Zili bwino kumeneko?" Mwamunayo amaionanso, n'kuganiza kuti mkazi wake amakonda nyimbo. Lachisanu usiku ikalira m'bala, amene amaimba mokweza kuposa onse, botolo la Mosi lili m'mwamba, maso ali otsinzina, ndi omwe aja akuimbidwawo. Aliyense wa iwo akukumbukira mtsikana wina amene anamuzizirira mu giredi 11. Palibe ndi mmodzi yemwe amene zimamufikira kuti mwina akunena iye.

Mlamu wanga uja anayesa njira yomaliza. Anatenga foni ya mwamuna wake n'kuika nyimboyo kuti izilira iye akamaimba, poganiza kuti mawu ake akamamveka tsiku ndi tsiku, tsiku lina adzalowa. Patapita sabata anaona kuti zinthu zaipiraipira: kale bambowo ankayankha foni ikalira kawiri, tsopano inkalira mpaka kuduka. Madzulo anawafunsa.

"Atate ake mwana, masiku ano simuyankha foni yanga bwanji?"

Bambowo anadzutsa mutu, n'kumuyang'ana m'maso koyamba mwezi umenewo.

"Ndimafuna ifike pa kolasi. Nyimbo imene ija ndi yabwino."