A Pusi Nawonso Apatsidwe Mkanjo

Dziko lino lili ndi tsankho, abale anga. Ku Brazil, Colombia ndi maiko oyandikana nawo kuli kanyani kena kamene azungu atakaona anakapatsa dzina la atumiki a Mulungu, akuti capuchin. Ubweya wakuda wa pamutu pake unawakumbutsa chisoti chosongoka cha pamkanjo wa abale a chipani cha Capuchin, chimene Matteo da Bascio anayambitsa ku Italy mu 1525 pofuna kubwerera ku umphawi wa Francis Woyera wa ku Assisi, ndipo Papa Clement VII anachivomereza mu 1528. Kanyaniko kanalowa m'chipani chifukwa cha chisoti basi. Pamene a Pusi athu a kuno kwa Mwambo, eni ake enieni a moyo umenewu, timangowatukwana kuti ndi mbala n'kumawatsekulira agalu. Tiyeni tiwayese pa malumbiro atatu a chipanicho, mudzionere nokha.

Loyamba ndi umphawi. A Pusi alibe khasu, alibe nkhokwe, alibe bwato kapena ukonde. Abale a ku Italy aja ankayenda khomo ndi khomo ndi thumba kupempha chakudya. A Pusi thumba lawo lili m'masaya, ndipo poti ndi aulemu, safuna kukuvutitsani ndi odi. Amadikira Lachisanu muli ku mzikiti kapena Lamulungu muli ku tchalitchi, pakuti iwo sasankha mpingo, n'kudzitengera chakhumi chawo mwakachetechete.

Muwaone ali pantchito m'dimba la m'mbali mwa mtsinje wa Likangala. Amathyola mondokwe, kusenda makoko ndi tizala tawo takuda, kuluma kawiri, kuponya pansi, n'kudumphira paphesi lina. Osadziwa amati uku n'kuwononga. Ayi ndithu, kumeneku n'kulawa. Ndi mlangizi uti wa zaulimi anayenderapo munda wanu mzere ndi mzere osafunsa alawansi? Komanso amalemba anthu ntchito: mwana ali pansanja kuomba chitini kuyambira mbandakucha, agogo ali ndi legeni m'manja, banja lonse lili ndi chochita.

Ena amatama kanyani ka ku Brazil kuti kamaswa mtedza ndi miyala, ndipo ku Serra da Capivara anafukula miyala yotereyi ya zaka pafupifupi 3,000. Zaka zonsezo kukhalira kugogoda mwala! A Pusi anapeza kale chida chodziwa kulima, kupalira ndi kugula feteleza ndi ndalama zake. Chidacho ndi inu ndi ine.

Lachiwiri ndi kumvera. Mu 1980 akatswiri Robert Seyfarth, Dorothy Cheney ndi Peter Marler anaonetsa kuti apusi a ku Amboseli, ku Kenya, ali ndi mfuwu wosiyana pa mdani aliyense. Ukamveka wa kambuku, onse ali mumtengo. Wa chiwombankhanga, amayang'ana kumwamba n'kulowa pachitsamba. Wa njoka, amaima ndi miyendo iwiri maso ali muudzu. Palibe wofunsa kuti wanena ndani. Ife akatiuza kuti nyanja ya Chilwa yatsekedwa kuti nsomba ziswane, angati amapachikadi makoka?

Pa kukhulupirika ndiye musanene. Chilwa itauma mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, matemba ndi makumba anasowa, mabwato anakhala pamatope pa Kachulu, asodzi ndi ogula nsomba anamwazikana. A Pusi sanatitaye. Tinkagawana nawo kachinangwa komweko ndi nandolo yemweyo, iwo kuyamba, ife kutola zotsala.

Kwatsala lumbiro lachitatu, lija la kudzisunga osakwatira. Apa, a mfumu ndi inu nonse akuluakulu, ndikupempha kuti tisafulumire. Zoona, gulu likamaoloka msewu pafupifupi mayi aliyense amakhala ndi khanda lokakamira pamimba. Zoonanso, abambo ake ali ndi pena pake pobiriwira ngati mtambo, ndipo sabisa. Koma kupambana pawiri mwa patatu, ngakhale ku sukulu amakhoza nako mayeso. Asokereni mkanjo, ndipo atelala aupange wautali ndithu, wofika m'mapazi.