Wadzuka Yekha, Ndiye Vuto N'chiyani?

(Pakhonde ku Mbamba, pa Likoma. Agogo akusoka ukonde. Mdzukulu wawo, wophunzira ku KUHeS ku Blantyre, wabwera kutchuthi pa Ilala.)

MDZUKULU: Agogo, n'zoona kuti mng'ono wanga atagundana mutu ndi goloboyi dzulo, amene ankakuwa kuti abwerere m'bwalo ndinu?

AGOGO: Nanga anafa? Tinamuthira madzi a m'nyanja, anadzuka yekha. Anangosokoneza pang'ono pothamangira kugolo la timu yake.

MDZUKULU: Pang'ono? Ubongo unagwedezeka umenewo.

AGOGO: Ubongo ndi bwemba kuti uzigwedezeka? Wathu mtundu uno ndi wa mitu youma. Ine ndinkamenya ndi mutu mpira wachikopa wonyowa, bambo wako asanabadwe.

MDZUKULU: Chouma ndi chigaza. Ubongo ndi wofewa, umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, ndipo umayandama m'timadzi. Bwato lanu likagunda mwala muli paliwiro, inu mumatani?

AGOGO: Ine sindigunda miyala.

MDZUKULU: Chabwino, anzanu.

AGOGO: Iwowo amagwera kutsogolo, mano n'kutsala pamwala.

MDZUKULU: Ubongonso chimodzimodzi. Mutu ukaima mwadzidzidzi, iwo umapitirira n'kudziguguda kuchigaza. Ndipo ambiri sakomoka n'komwe. Amangomva chizungulire, litsipa, nseru, kapena kuiwala. Mu 2014, pandime yomaliza ya chikho cha dziko lonse lapansi, Christoph Kramer wa Germany atagundidwa kumutu anapita kwa oyimbira kukafunsa ngati masewerowo analidi omaliza.

AGOGO: Amenewo ndi ulemu. Ine ndimafunsa agogo ako aakazi m'mawa uliwonse ngati lero ndi Lachiwiri.

MDZUKULU: Mwina ndi mpira wachikopa uja.

AGOGO: Iwe! Fizi ija tinagulitsira usipa kuti uzidzanditukwana m'Chingerezi?

MDZUKULU: Pepani, Agogo. Koma gwirani apa, pakati pa diso ndi khutu. Fupa lake ndi lopyapyala, ndipo kunsi kwake kumadutsa mtsempha wa magazi. Ukang'ambika, munthu amatha kudzuka, kucheza, kudya nsima bwinobwino, magazi akudzadza m'kati. Pakapita maola angapo amagona, osadzukanso.

AGOGO: Kale zoterezi tinkati wina wamuponyera.

MDZUKULU: Ndiye ku Chipyela kuja munkawotcha anthu osalakwa powaganizira ufiti.

AGOGO: Ineyo? Zimenezo zinatha tchalitchi cha St Peter's chisanayambe kumangidwa mu 1903. Ukundiyesa mlambe?

MDZUKULU: Nanga mng'ono wangayo munamuchotsa bwanji pamene anagwera?

AGOGO: Mwaulemu. Wina miyendo, wina manja.

MDZUKULU: Mutu ukulendewera? Agogo! Msana uli ndi mafupa 33, ndipo 7 mwa iwo ali m'khosi. Ngakhale kadyamsonga ali ndi 7 omwewo.

AGOGO: Zaka zonsezi ku Blantyre ukuwerenga mafupa a kadyamsonga? Uwu ndi umphawi woitanitsa.

MDZUKULU: M'kati mwa mafupawo mumadutsa chingwe cha minyewa chochokera ku ubongo. Fupa likathyoka inu n'kupinda khosi, chingwecho chimavulala, munthu n'kufa ziwalo kuyambira m'khosi kutsika. Wogwa akamadandaula khosi kapena dzanzi m'manja, musamudzutse. Wina agwire mutu usatembenuke mpaka achipatala abwere. Ndi ana odumphira chamutu m'nyanja kuchokera pamiyala aja, muziwakalipira. Madzi akachepa, khosi ndi limene limalipira.

AGOGO: Amenewo ndiye ndimawakalipira kale, amandithamangitsira nsomba. Koma Loweruka kuli masewero. Mng'ono wako akapanda kulowa, tigoletsa ndi chiyani?

MDZUKULU: Ngakhale IFAB, yokonza malamulo a mpira, kuyambira 2024 imalola mipikisano kupereka mpata wapadera wosintha wosewera amene wavulala kumutu. Kugundidwanso asanachire ndiye koopsa kwambiri.

AGOGO: A IFAB-wo anamuonapo mnyamata wathu wapabenchi? Amathawa mpira.

MDZUKULU: Mng'ono wangayo usiku anagona bwanji?

AGOGO: Anasanza kawiri. Ndinati ndi kampango wa madzulo.

MDZUKULU: Kawiri? Siyani ukondewo. Tikupita naye kuchipatala cha St Peter's panopa. Akaona kuti pakufunika kujambula m'mutu, ulendo wa kumtunda ndi wautali, sitingadikire kuti ayambe kuzerezeka.

AGOGO: Ndipatse ndodo yangayo. Koma ukafika usakayambe za kadyamsonga, anthu angagoneke iweyo.

MDZUKULU: Nanga Loweruka?

AGOGO: Loweruka sasewera. Kochi akabwera kudzalira, umuuze kuti ndanena ndine.