Mbewa ya m'nyumba mwanga imavala buluku

Kuno ku Vubwi mwamuna aliyense ndi katswiri wa nshawa. Khalani pa bawo madzulo mumve. Uyu akuti Chalimbana ndiye mfumu chifukwa njere zake n'zazikulu, uyo akuti MGV4 ya ku Msekera ndiyo yamafuta, winayo akuwerengera kale mameda amene adzagulitse. Koma funsani kuti nsinjiro amathira nthawi yanji mumphika, bwalo lonse zii! Ine ndili m'gulu lomwelo, pampando wakutsogolo. Vubwi anachoka m'manja mwa Chadiza n'kukhala boma palokha mu 2012, koma ine kukhitchini ufulu wodzilamulira sindinaulandirebe.

Udindo wanga pa nshawa ndi kulawa. Zaziwisi zikawiritsidwa ndi makoko omwe m'madzi amchere, ndimalawa. Akandipatsa lichero kuti ndithandize kusenda, njere imodzi imagwera mulichero, ziwiri zimasochera.

Tsono kumapeto kwa Ogasiti amayi a kunyumba ananyamuka ulendo wa ku Mkaika, ku Katete, kukaona mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Anandisiyira ana, mfutso, mbatata ndi malangizo. "Bambo a ana, mvetsetsani. Za nsinjiro musakazinge. Sinjani mopepuka, sefani, zotsala mubwezere mumtondo. Mfutso uyambe wawira ndi tomato, mchere ndi kachidulo. Ukafewa, thirani nsinjiro pamwamba, muchepetse moto, musathamangire kutakasa. Isiyeni ipse." Ine ndinangoti, "Pitani bwino mayi, zimenezo n'zazing'ono."

Mawu oti "mopepuka" mwamuna wolima sawamva. Ndinagwira munsi ndi mphamvu zanga zonse, nshawa zinatuluka mafuta n'kugwirana, sefa inakana kulandira. Azimayi opita kumjigo anaima pampanda, mmodzi n'kufunsa mwachisoni, "Pepani bambo, kodi amayi agonekedwa kuchipatala?" Ndiwo zinapsa ndithu, koma mwana wanga wamng'ono anafunsa ngati angazidye ndi tiyi.

Mawa lake ndinati ndiwombole mbiri yanga ndi chiponde, pakuti kumeneko mphamvu n'zololedwa. Umakazinga nshawa pachiwaya ndi moto wochepa, n'kuzipukusa m'manja, kupeta timakungu, kenaka kusinja ndi kamchere mpaka zitasalala. Vuto ndi mtunda umene uli pakati pa chiwaya ndi mtondo. Ndi mapazi atatu okha, koma nshawa zokazinga zambiri sizinafike. Chiponde chimene chinapezeka chinakwana kupaka mbatata imodzi.

Futali yekha ndiye anandimvera chisoni. Kusenda mbatata, kuduladula, kuwiritsa, kuthira nsinjiro ndi mchere, basi. Ana anadya mpaka kunyambita mbale. Nkhaniyo ndinakaifotokoza pa bawo katatu, osatchula kuti nsinjiro yake anandisinjira mwana wanga wamkazi wa giredi 6.

Nshawa za m'dengu zitatha, Mulungu anandionetsa kathumba kobisika kudenga. Njere zake zosankhika, zonenepa, zopanda ndi imodzi yomwe yofota. Ndinathokoza mumtima kuti ndinakwatira mkazi wodziwa kusungira mwamuna wake zabwino.

Inali mbewu.

Amayi atabwera, mlandu unakambidwa pakhonde, apongozi ali pampando. Ine ndinaima chapatali mwaulemu n'kunena kuti chaka chino mbewa zachuluka. Apongozi anayang'ana pansi, n'kufunsa mwana wawo mofatsa, "Kodi mbewa za kuno zayamba kukazinga n'kuthira mchere?" Chigamulo chinali chakuti mbewu ndigule ndekha mvula ya Novembala isanagwe, ndipo ndalama yake ichokere m'thumba la Loweruka madzulo.

Komabe musandinyoze kwambiri, kulawa kwandiphunzitsa chinthu chimodzi. Pakamwa panga papita njere zowawa zambiri, zija zofota ndi zachuku. Ambirife zabwino timagulitsa, zoterezi n'kusiyira nsinjiro ya ana athu. Alangizi a zaulimi amachenjeza kuti chuku chimenechi chili ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo kukazinga kapena kuwiritsa sikumuchotsa. Chimayamba nshawa zikasungidwa zisanaumitsitse, kapena tikawaza madzi pamakoko kuti afewe posenda, ulesi umene ine ndinali mphunzitsi wake.

Choncho amuna anzanga, Kulamba kwa chaka chamawa kusanafike, khalani pafupi ndi mphika muphunzire kutendera. Umitsani nshawa bwinobwino, zachuku tayani, zabwino zina zitsale pakhomo. Ndipo mukapeza kathumba kudenga, musathokoze msanga. Yambani mwafunsa mwini wake.