Dzina Silikankha Galimoto

Loweruka lina mvula itangokata, pa doko la Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, panafika chinthu chimene ana anachitcha nyumba yothawa. Inali galimoto ya alendo awiri achizungu, yokhala ndi bedi, mbaula, kafiriji ndi chimbudzi m'kati momwemo. M'mbali mwake munali dzina lachingerezi la zilembo zikuluzikulu. Isanafike n'komwe pamene amayi amayanika matemba, matayala akumbuyo anati phwathi m'matope.

Pa Kachulu tsoka la mnzako ndi kanema waulere. Akabaza anaimika njinga, ogula nsomba anasiya kunenerera mitengo, ndipo aliyense anasanduka makaniko wa pakamwa. Kenaka anatulukira aphunzitsi athu opuma ntchito, amene sanaphonyepo msonkhano wosaitanidwa. Anapukuta magalasi, nawerenga.

"Dzinali likutanthauza Wogonjetsa Mapiri."

"Mapiriwo kaya," anatero mayi wina wa matemba, "koma kuno wapeza akuluakulu ake."

Aphunzitsi sanaseke, chifukwa kalasi inali itapezeka. Anati ku America magalimoto ogonamowa alipo ambiri, ndipo dzina lotchuka ndi Winnebago, kampani imene inayamba mu 1958 m'tauni ya Forest City ku Iowa. Dzinalo analitenga ku mtsinje ndi boma la kumeneko, koma gwero lake ndi mtundu wa anthu amene eni ake amadzitcha Ho-Chunk. Anansi awo ndiwo anawapatsa dzina loti Winnebago, kutanthauza anthu a kumadzi onunkha.

Panali kaye zii, kenaka chiphokoso.

"Aphunzitsi, ndiye kuti ndi abale athu amenewo!" anakuwa mayi uja. "Nyanja yathuyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yamchere, ndi yamatope. A ku Zomba tauni akatikhala pafupi m'minibasi amatsegula zenera. Ndiye mzungu akulipira chuma chonsecho kugula dzina limene ife amatinyoza nalo ulele?"

Msodzi wina amene ankasoka ukonde sanadzutse n'komwe mutu. Anati nyumba yoyenda si nkhani kwa iye. Ali ndi chimbowera chake pakati pa nyanja, chomangidwa pa njedza zoyandama. Amagona momwemo, amaphika momwemo, amawamba mlamba momwemo, ndipo mphepo ikafuna imamusamutsa osagula petulo. "Kusiyana kwake n'koti changa chilibe dzina, achimwene. Mwina ndicho chifukwa sichinatitimirepo."

Aphunzitsi ataona kuti kalasi ikuwalanda choko, anatembenukira ku magalimoto amene ife timawadziwa. Anati a Toyota amakonda zisoti zachifumu: Corolla ndi kachisoti m'Chilatini, Camry ichokera ku mawu achijapani otanthauzanso chisoti. Ife tinayang'ana Corolla imene imanyamula madengu a nsomba kupita ku Zomba, chitseko chake chomangidwa ndi linya, ndipo tinavomera kuti ufumu umatha. Hilux, anapitiriza, ndi mawu awiri achingerezi onena za ulemerero wapamwamba, ndipo inatuluka mu 1968.

"Chaka chimene nyanja inauma," anadula mawu agogo ena. "Tinayenda wapansi mpaka ku chilumba cha Chisi. Ulemerero umenewo sitinauone."

Nanga Sienta? Aphunzitsi anati muli mawu achisipanishi otanthauza 7, chifukwa mipando yake ndi 7. Apa woyendetsa Sienta wina anakhumudwa ngati wanamiziridwa ufiti. "Ameneyo anawerenga mipando, bambo. Ife timawerenga anthu. Mwana pamiyendo si munthu, wowonda ndi theka, ndipo amene wakhala limodzi ndi ine pampando wanga ndi mlendo wanga."

Za Pajero aphunzitsi anatsitsa mawu. Anati a Mitsubishi anaitcha dzina la kamphaka kakutchire ka ku South America, koma m'Chisipanishi mawu omwewo ndi mwano woti sungaunene pamaso pa apongozi, mwakuti ku Spain anaigulitsa ngati Montero. Anyamata anaumirira kuti amasulire. Aphunzitsi anati iwo ndi mkulu wa mpingo.

Ine ndinaponya maso ku maboti amene anaima pagombe. Apo ndi pamene ndinaona kusiyana kwathu. Wopanga galimoto kunja amatcha dzina kuti akope wogula: mphepo, mapiri, ufulu, malo amene mwini wake sadzafikako. Ife dzina timalembera woyandikana naye nyumba. Boti lina ndi Nsanje Sidyetsa, lina Munkati Sindigula, lina Zonse ndi Nthawi. Likadutsa, pamudzi aliyense amadziwa amene akunenedwa, ndipo wonenedwayo akagula njinga amayankha pa keliyala. Nkhani imene ikanatha ndi mbuzi kubwalo la amfumu imatha ndi kachitini ka penti.

Dzuwa litapendeka, alendo aja anali atayesa zonse: mabatani, matabwa, ngakhale kufunsa foni. Anyamata okankha anali atatchula mtengo, ndipo mtengowo unakwera aphunzitsi atangomasulira dzina, pakuti wogonjetsa mapiri sangakhale wosauka. Mapeto ake kunabwera ngolo ya ng'ombe ziwiri zoonda, kumbuyo kwake kutalembedwa ndi makala kuti Pang'onopang'ono. Mwini wake anamasula ng'ombezo, anamanga chingwe, anaimba likhweru kamodzi, ndipo Wogonjetsa Mapiri anatuluka m'matope chobwerera m'mbuyo, ana akuwomba m'manja.

Alendowo analipira, anajambula ng'ombezo zithunzi, nagona usiku womwewo pamtunda pouma, kutali ndi nyanja imene anadzera.

Choncho abale, mukagula chanu, kaya boti, kaya njinga, kaya wilibala, tchani dzina limene simudzachita nalo manyazi tsiku lokukokani. Matope a Chilwa sadziwa kuwerenga.