Bwato langa la mapasa

Anthu a kumtunda akamatiseka ife a ku Chigwa cha Shire amayambira pa kutentha nkumalizira pa madzi osefukira. Sindiwatsutsa. Koma chilipo chinthu chimodzi chomwe ndinkati wa ku Dedza kapena ku Mzimba sangandiphunzitse, ndicho bwato. Ndinabadwira kufupi ndi Bangula, ndakhala ndikuwoloka pa Mtayamoyo kupita ku Makhanga chidukireni msewu ndi njanji m'madzi a 1997, ndipo malume anga anakalambira m'dambo la Elephant Marsh akupha milamba. Zoti ineyo sindinapalasepo bwato, ndimangokhala pakati nditagwira m'mbali ndi manja onse awiri, imeneyo ndi nkhani ya m'banja.

Tsono Julaye wina ndinapita ku Mangochi ku chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga. Kunali mwera, nyanja ikuchita thovu, asodzi atakokera mabwato awo pamchenga. Mphepo yomwe asodziwo ankaithawa, anthu ena ankaithamangira. Ndinaona timabwato tiwiri towonda, topindika ngati nthochi, atatilumikiza ndi zitsulo, pakati atakunga chinsalu chokhalapo, pamwamba thanga lalitali kuposa mtengo wa mango wa kwa amfumu. Ngalawa zoterozo zinalipo zambiri, zikukonzekera mpikisano wa pa Nyanja ya Malawi womwe umadya pafupifupi sabata yathunthu kulowera kumpoto. Imodzi inadutsa pafupi nafe, mbali imodzi ili m'malere, anyamata awiri atalendewera kunja pa chingwe ngati mileme. Ine mtima unangoti myuu, ndipo mpunga wa pachinkhoswe sindinaumvenso kukoma.

Mnyamata wina amene ankathandiza kukoka ngalawazo anandiuza kuti dzina lake ndi katamarani, mawu ochokera ku Chitamilu cha ku India, kutanthauza mitengo yomangidwa pamodzi. Apo ndinapuma. Mitengo kwathu iliko, kumanga timatha. Anati yomwe ndinkailozayo ndi Hobie 16, yomwe anaikonza koyamba Hobie Alter wa ku California cha m'ma 1970. Nambalayo ndi kutalika kwake, mafiti 16, pafupifupi mamita 5. M'lifupi imatsala pang'ono kukwana mamita awiri ndi theka, mlongoti wake ndi mamita 8, ndipo yonseyo imalemera makilogalamu 145, osafika ndi matumba atatu a chimanga omwe. Imafuna anthu awiri. Yaing'ono yake, Hobie 14, munthu mmodzi amaiyendetsa yekha. Ukakhala wopepuka pa yaikulu mphepo imakugadabuza, ukakhala wolemera pa yaing'ono mphuno yake imalowa m'madzi. Anatinso ziliko zina zazikulu zokhala ndi zipinda zogona ndi chimbudzi chomwe, za anthu ongofuna kupitidwa mphepo ndi mabanja awo.

"Tsono inu madala mukufuna yothamanga kapena yongoyendera?" anandifunsa.

Ndinati zonse ziwiri. Anayang'ana mimba yanga, nayang'ananso Hobie 14 ija, nkupita kukakoka chingwe.

Chaka chimenecho chitowe chinandichitira bwino, choncho nditangofika kunyumba ndinaitanitsa msonkhano wa anthu awiri. Mayi a kunyumba anamvetsera mpaka pa mawu oti mpikisano.

"Abambo, mupikisana ndi yani? Ng'ona?"

Iwo ankafuna bwato lonyamula mbatata kuchokera kudimba la kutsidya, lofika ndi matumba kuchigayo, komanso loti madzi akabweranso ngati a 2015 aja likwane ana, mbuzi ndi amayi awo. Ine ndinawafunsa kuti m'ndandandawu ineyo ndili pati. Anati amuna amasambira.

Ndinapita kwa mmisiri wosema mabwato, mdala wa Chisena amene bwato amaliti mwadiya. Anandikhazika pachitsa nkundiphunzitsa zomwe ndinayenera kuzidziwa ndili mwana. Ine ndinkaganiza kuti bwato laling'ono ndiye lothamanga, monga mmene njinga yamoto imapitirira lole. Anati ayi: pamadzi liwiro lili m'kutalika ndi kuwonda. Lalitali lowonda limang'amba madzi koma silichedwa kugudubuka, ukangoyetsemula wagwa. Lalifupi lonenepa limasenza katundu, siligwedezeka, koma limakankha madzi ndi chifuwa ngati ng'ombe yokoka ngolo. Kusema awiri atsopano ofanana anakana, ati mitengo ikuluikulu ya mtondo inatha kalekale kuno, yotsalayo ili kumanda. Anali ndi awiri akale: lina lalitali masitepe asanu ndi awiri, lowonda ngati ine ndisanakwatire, lina lalifupi masitepe anayi, lonenepa ngati ine lero.

Apa ndi pamene nzeru zinandibwerera, ndipo mpaka lero ndimati zikanakhala bwino zikanapitirira kwa aneba. Katamarani ili ndi mbali ziwiri. Banja lathu lili ndi maganizo awiri. Ndiye bwanji lowondalo likhale la mpikisano, lonenepalo la banja, tiwamange pamodzi aliyense akondwe? Ndinagula onse awiri, ndalama ya chitowe nkuwonjezerapo mbuzi.

"Mwati muwamanga pamodzi?" mdala uja anafunsa kawiri. Atalandira mbuzi yake anangoti mapanga awiri avumbwitsa. Ndinadziwa kuti ndi nsanje chabe, poti zaka zonsezi akusema nzeru imeneyi sinamufikepo.

Ntchito inanditengera masabata awiri. M'malo mwa zitsulo ndinaika nsungwi zitatu, nkumanga ndi malegeni. Pokhalira ndinazula chitseko cha kukhitchini. Mlongoti unali bulugamu yemwe mayi anasungira denga la khitchini yomweyo, ndipo thanga linali lona lija tinalandira kumsasa nthawi ya namondwe Idai mu 2019. Mukaona bwino, theka la katamarani yanga inali khitchini.

Tsiku loiyesa linali Loweruka la mu Okutobala, ndipo mudzi wonse unatsikira kudooko ngati kwabwera chimanga chaulere. Mayi a kunyumba anakana kukwera. Amene anadzipereka anali apongozi anga, amayi awo, ati anali kale ndi ulendo wa kudimba. Mwambo wathu sulola mkamwini kukhala mokhudzana mawondo ndi apongozi, ndipo apa ndiyenera kuiyamikira katamarani: iwo anakhala m'bwato lawo lonenepa ndi dengu lawo, ine m'langa lowonda, pakati pathu chitseko. Palibe ngalawa ina yaulemu chotere.

Mphepo kunalibe. Amene anakhalako kwathu mu Okutobala masana akudziwa kuti ngakhale tsamba la bango siligwedezeka, ndipo lona lija linangolendewera ngati chovala cha munthu wina. Ndinatenga nkhafi, koyamba m'moyo wanga, nkuyamba kupalasa. Lowonda lija linavomera nthawi yomweyo, likufuna kukafika ku Nsanje tsiku lomwelo. Lonenepa linati ine sindinauzidwe. Zotsatira zake tinayamba kuzungulira. Tinachoka padooko, tinaona tsidya, tinaona kumtunda kwa mtsinje, kenako tinaonanso anthu omwe aja tinawatsanzika. Ndinawabayibitsanso. Ulendo wachitatu ana anali atayamba kuwerenga mokweza.

Madzi oyenda anatichotsa manyazi potikokera kumunsi. Kumeneko namasupuni, yemwe bwato wamba limangomupatula nkudutsa, anayamba kuunjikana pakati pa mabwato awiriwo mpaka tinali kukoka dimba lathunthu. Pofika pa kanjira ka m'bango kolowera kudimba ndinazindikira chinthu chomwe mnyamata wa ku Mangochi sanandiuze, poti ngalawa zawo siziyenda m'bango: tinjira timeneti m'lifupi mwake ndi mwa bwato limodzi. Tinatsamwa pakhomo penipeni.

"Bambo, kodi tafika?" anafunsa apongozi, maso ali kumbali monga mwa ulemu.

Ndisanayankhe, mphepo ya kumadzulo inafika mwadzidzidzi, lona linatupa, bulugamu analira. Ndinakumbukira anyamata olendewera aja. Ndinagwira chingwe, ndinaponda m'mphepete mwa bwato, ndinadzitaya chagada kunja ndi makilogalamu anga onse. Malegeni anaduka motsatizana ngati zipolopolo. Nditadzuka ndinali m'matope ofika m'chiuno, chitseko chikupita ku Mozambique, ndipo chikuni chilichonse choyandama chinali ndi maso a ng'ona. Apongozi anatola nkhafi yanga, anakankha nsungwi zotsala, nalowa m'kanjira kaja mwakachetechete. Amayiwa akhala akupalasa kuyambira ali namwali. Pobwera ndi mbatata zawo ananditola.

Amene anandipepesa ndi mnzanga wa pabawo, mphunzitsi wopuma ntchito. Anati ndisadandaule, mtsinje wa Shire unapusitsapo anthu ophunzira kuposa ine. David Livingstone anabwera mu 1859 ndi sitima yotchedwa Ma Robert, yomwe inkadya nkhuni zochuluka chikhalirecho ikuyenda mwa befu, mpaka mathithi a Kapichira anamubweza. Mu 1861 anabwera ndi ina, Pioneer, yomwe inkalowa m'madzi mafiti asanu, kuzama kopitirira muyeso wa mtsinje wathu. Ankachita kuikoka ndi zingwe pamchenga, ndipo pobwerera kuchokera kwa Chibisa inatitimira pamalo amodzi masabata asanu. Yachitatu, Lady Nyassa, anaigula ndi ndalama za m'thumba mwake kuti ikayende panyanja, koma nyanjayo sinaione, anakathera nayo ku Bombay mu 1864. Ine ndinamufunsa ngati Livingstoneyo anali ndi apongozi m'sitimamo. Anati ayi. Ndiye ndinati asandifananize naye.

Anandikumbutsanso za mu Okutobala 2010, pamene Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira dooko la Nsanje pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, anthu maso ali kumunsi kwa mtsinje kudikira ngalawa ya feteleza yomwe akuluakulu a ku Mozambique anali ataigwira m'njira. Pamenepo ndinatukumuka pang'ono. Yanga ija, ngakhale inkazungulira, anthu anaiona ndi maso.

Lonenepa lija tsopano ndi la mayi a kunyumba. Amawolotsa nalo mbatata, nkhuni ndi amayi a mpingo, ndipo ine ndikafuna kukwera ndimakhala pakati, manja onse m'mbali, nkulipira ngati wina aliyense. Ati mpaka chitseko chibwerere. Lowonda lili kuseri kwa nyumba, abakha amasambiramo. Ana a m'mudzi amanditcha Kaputeni, ndipo ndimayankha.

Komabe ndinaganizira mofatsa pomwe panalakwika. Nzeru ija inali yabwino, kungoti mapasa amayenera kufanana. Ndiye madzulo aliwonse ndimatsikira kudooko ndi kachingwe kanga kotalika masitepe asanu ndi awiri, kuyeza mabwato a anthu mmodzimmodzi. Sabata yatha ndinalipeza lofanana ndendende ndi la abakha lija, kutalika ndi kuwonda komwe. Mwini wake atandiona ndikuliyeza kachiwiri anakagula tcheni ndi loko, ndipo waika mwana woti azindiyang'anira.