Nambala Yavala Velo

Loweruka lapitali pa Chichiri, galimoto ina inandisambitsa madzi a m'chithaphwi kuyambira m'mapewa mpaka m'nsapato. Ndinacheuka msangamsanga kuti ndiloweze nambala yake. Pamalo pa nambala panali pepala lomata ndi selotepi: mayina a mkwati ndi mkwatibwi, mitima iwiri yofiira, ndi nkhunda yonyamula mphete kukamwa.

Tsono kupolisi ndikanene chiyani? "Bwana, andithira matope ndi anthu okondana"?

Lamulo la pamsewu la 1997 silinasinthe maganizo: galimoto ilembetsedwe kwa a Road Traffic, ndipo nambala yake izioneka. Nambalayo ndi imene imauza wapolisi mwini galimoto ikagunda munthu n'kuthawa. Ndi imenenso imatiuza ife oyenda pansi kuti BT ndi ya ku Blantyre, LL ya ku Lilongwe, MG ndi ya boma, yomwe mafuta ake timagula ndife. Koma likafika Loweruka, lamulolo limapita kutchuthi. Mdipiti wonse wa ukwati, kuyambira Benz yobwereka mpaka kalole konyamula mapoto ndi azakhali, umavala velo kutsogolo ndi kumbuyo. Mahutala pii pii, mahazadi phethiphethi, atsikana atulutsa mitu m'mawindo, maloboti ofiira akuwadutsa ngati mlamu amene ali naye ngongole.

Ndipo wapampando wa komiti ya mayendedwe! Bambo ameneyu ndi amene ndikufuna. Ndalama za keke zikhoza kuperewera, holo ikhoza kukhala yosalipira, koma pepala la panambala amalisindikiza mwamitundumitundu, n'kulikuta ndi pulasitiki kuti mvula isalinyowetse. Kulichotsa ndiye ayi. Perekaniperekani anatha kalekale, mbale zobwereka anabweza, banjalo lafika kale kwa ankhoswe kawiri, mayi analongedza n'kubwerera kwawo ku Thyolo, koma galimoto ya wapampando ikulengezabe m'tauni monse kuti awiriwa ndi thupi limodzi.

Ena safuna n'komwe ukwati. Wina nambala yake inakutidwa ndi matope a dzinja la chaka chatha, galimoto yonse ili phuliphuli kupatula pomwepo. Wina anaiika kuseri kwa galasi lakuda la kutsogolo, pakati pa bokosi la tishu ndi Baibulo. Nthawi ya kampeni ena amaikulunga ndi nsalu ya chipani. Njinga zamoto za kabaza, zambiri sizinaonepo nambala chibadwire.

Apa ndiye pamandiwawa. Pa rodibuloko, wa minibasi wa nambala yake yofiira yooneka bwinobwino amamuimitsa, amufunsa COF, inshuwalansi, laisensi, amugogoda matayala, mpaka apeze babu lakufa. Ikatulukira galimoto yaikulu ya magalasi akuda, yopanda nambala kutsogolo ndi kumbuyo komwe, migolo imasuntha yokha, wina mpaka kuponya sawasha. Kubisa nambala kwasanduka udindo. Ukaionetsa ndiye kuti ndiwe munthu wamba, wolipira chindapusa.

Basi, nanenso ndatengerapo phunziro. Lolemba ndikupita kubanki kukapempha ngongole. Pachiphaso changa cha unzika, pomwe pali nkhope ndi dzina, ndamatapo kale mitima iwiri ndi nkhunda. Tsiku lobweza likakwana, akafunse ankhoswe.